Atelala Adzachira Loweruka

"Tsekani chitsekocho, amayi! Mukufuna msewu wonse uwaone?"

Mtsikanayo analowa ngati kamvuluvulu, foni ili m'manja, n'kukankha chitseko ndi chidendene. Makina osokera amene ankalira pabalaza anati zii. Atelala, bambo ake, anachotsa phazi pa chopondera pang'onopang'ono ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Pansi pa singano panali siketi yakale ya akazi awo, yosokedwa theka.

"Ndi siketi chabe," anatero atelala. Mawu awo ankatuluka bwino tsopano, kungotsala kulemera pang'ono kwa lilime. "Ndimafuna ndione ngati phazili likukumbukira ntchito."

"Lidzakumbukire kumapeto kwa mwezi! Tinagwirizana chiyani? Munthu wofa mbali imodzi amapalasa makina? Wina akadutsa apa n'kukujambulani, ife tathera pomwepo."

"Iwe, amenewa ndi bambo ako," anatero mayi ake ali pakhomo la kukhitchini, mbale yonyowa ili m'manja. "Uzilankhula ngati uli ndi makolo."

"Ndikulankhula ngati munthu amene akudyetsa nyumba ino. Abambo atagwa ndi sitiroko pakhonde la golosale paja, makasitomala awo anabwera kudzatani? Kudzatenga nsalu zawo. Abale anu ankabwera ndi mapemphero n'kuchoka atamwa tiyi wathu. Galimoto yopita kuchipatala ku mafizo ankalipira ndani? Si foni yomweyi?"

Zinali zoona. Mwana wawoyo ankapeza ya sopo ndi ya bandulo potsatsa saluni ndi zovala za kaunjika m'timavidiyo tatifupi. Koma tsiku limene anajambula bambo ake akulimbana ndi kapu, dzanja likunjenjemera, madzi akutayikira pachifuwa, anthu anakhamukira patsamba lake ngati ntchentche. Akakhala pa layivi, oonera ankatumiza timaluwa ndi timitima, ndipo timphatso timeneti tinkasanduka ndalama. Kenako kunabwera mkulu wina wogulitsa mankhwala azitsamba a m'mabotolo.

"Koma mwanawe," anatero atelala, "ine ndinachira ndi mapiritsi a kuchipatala, ndi anamwino aja ankandipinda mwendo mpaka misozi. Mkulu wa mabotoloyu wandipeza ndikuyenda kale. Bwanji osangouza anthu kuti Mulungu wandichitira chifundo?"

"Chifundo sichilipira, abambo. Mkuluyu akufuna anthu aone kuchira kukubwera pang'onopang'ono. Sabata ino chala chigwedere, sabata yamawa mukweze kapu, kenako lilime limasuke, Loweruka lomaliza muimirire pamaso pa anthu. Akutilipira pa vidiyo iliyonse, ndipo aliyense wogula botolo atatchula dzina langa, ine ndili ndi kanga pamenepo. Mukachira lero mwaulere, mwachirira ndani?"

"Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada," anatero mayi.

"Pusi ameneyo analibe lendi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, amayi. Mwambi umenewo munandiphunzitsa ndinu."

Atelala anayang'ana akazi awo, kudikira kuti anene kanthu. Mayi anayang'ana mbale. Ankadziwa kulemera kwa mwezi umene anakhala akubisala kuchimbudzi mwini nyumba akagogoda, ndipo sankafuna kuulawanso.

"Ndi masabata ochepa, bambo a mwana," anatero motsitsa mawu. "Pirirani."

Anatenga chitenje n'kufunditsa makinawo. Atelala anadzuka, kuyenda bwinobwino mpaka pakona, n'kukhala pa chikuku chawo cha odwala.

Masana aliwonse ntchito inkayamba kukhitchini. Atelala anali atakana kwamtuwagalu kumwa zimene zinali m'botolomo. Anati madziwo ankanunkha ngati ngalande, ndipo iwo sanapulumuke sitiroko kuti adzafe ndi mimba. Choncho mayi ankakhuthulira mankhwalawo kuseri kwa bafa, kutsuka botolo, kuphika tiyi wakuda bii, kumuziziritsa, n'kumuthiramo. Palibe anawatuma. Nzeru imeneyo inali yawo.

Pabalaza mtsikanayo ankaimika foni pa kamtengo ka miyendo itatu, kuyatsa nyali yozungulira, n'kuchotsa chilichonse chooneka chatsopano. Ketulo yamagetsi inkabisidwa pansi pa bedi. Bambo ake ankavala juzi yong'ambika pachigongono, ngakhale kuti moyo wawo wonse sanalolepo munthu wa m'nyumba mwawo kuyenda ndi chibowo pachovala.

"Pendeketsani mlomo, abambo. Ayi, mwaonjeza, mukuoneka ngati mukuseka. Eya, choncho. Amayi, kansalu kopukutira kali kuti? Tikulowa."

Nkhope yake inkasintha nthawi yomweyo. "Moni abale anga okondedwa! Ndi ine, Mwana wa Telala. Lero abambo adzuka ofooka pang'ono, koma sititaya mtima. Zikomo achimwene chifukwa cha kaluwako, Mulungu awonjezere pamene mwachotsa."

Mayi ankathira tiyi mu supuni, kumwetsa amuna awo, n'kuwapukuta kukamwa komwe kunali kouma kale. Tsiku lina ntchentche inatera pamphuno pa atelala. Inayenda, kuima, kupukuta miyendo yake. Dzanja lawo lamanzere, lija linkayenera kukhala lakufa, linanyamuka lokha kuti liiphe. Mtsikanayo analigwira m'mwamba momwemo n'kukuwa: "Mwaona, abale? Mwaona? Dzanja lagwedera! Botolo lachiwiri lokha limeneli!"

Timitima tinagwa ngati matalala. Layivi itatha anaseka mpaka kugwira m'mimba, nati ntchentcheyo iyenera kulipidwa. Mayi nawo anaseka, kenako anaona nkhope ya amuna awo n'kusiya.

Sabata yachitatu kunabwera mlendo amene sankamuyembekezera. Anali wosoka nsapato amene anagwira ntchito khonde limodzi ndi atelala kwa zaka zambiri. Anthu ankawatcha a Misomali chifukwa ankasunga timisomali pakati pa milomo akamakhoma zidendene. Iwo ankatcha atelala Singano. Atagogoda, atelala anali akusenda nthochi ndi manja onse awiri. Anathamangira pa chikuku, nthochi ili m'thumba.

"Odi kuno! Singano, ukadali moyo, kapena ndabwera mochedwa?"

"Lowani, alamu," anatero mayi.

A Misomali anakhala pa mpando, chipewa chili pabondo. Anayang'ana mnzawoyo nthawi yaitali.

"Wanenepatu, galu iwe. Matenda akukukonda. Pakhonde paja pabwera kamnyamata kosoka ngati kakuthawa apolisi. Mayunifolomu onse a chaka chino katenga ndi iko. Manja a malaya amodzi aatali, ena aafupi. Ndimakauza kuti dikira Singano abwere, udzakagulitsa mtedza."

Atelala anayankha ndi kukhosi, monga mwa dongosolo la sabata imeneyo. Mtsikanayo anali ataima kumbuyo kwa mlendoyo, chala chili pamlomo.

"Usavutike kulankhula, ndamva," anatero a Misomali. Anapotokola chipewa chawo. "Chimene ndabwerera, alamu, ndi mayi akunyumba. Mwina simunamve. Anagwa mwezi watha akuchapa. Matenda omwewa. Kuchipatala atipatsa mapiritsi, akuti tizibweranso ku mafizo kawiri pasabata, koma njinga yanga yatopa, nanenso ndatopa. Ndiye anyamata a pagolosale anandionetsa Singano pafoni. Ndinaona dzanja lija likunyamuka. Ndinalira pamaso pa ana, alamu. Ndinati, munthu uyu ndadya naye m'mbale imodzi, sanganame. Akanakhala wina ndikanati ndi zamalonda."

Nthochi ija inkanunkhira kuchokera m'thumba la atelala.

"Ndalankhula naye mkulu wa mabotoloyo. Akuti osaphatikiza ndi mapiritsi, zimalimbana m'thupi. Ndi mmene mukuchitira nanunso?"

Funsolo linapita kwa mayi. Mapiritsi a amuna awo anali m'kabati, kuseri kwa makapu, pafupi kwambiri moti akanatha kuwafikira osadzuka.

"Aliyense ndi thupi lake, alamu," anatero.

"Mukakagula mukatchule dzina langa, amalume," anawonjezera mtsikanayo. "Akakuchotserani pang'ono."

A Misomali anathokoza. Asanatuluke anagwada, kuvula nsapato ya mnzawo, kuiyang'ana kunsi mwa chizolowezi cha ntchito yawo. Chidendene chinali chodyeka, chokhala ndi dothi latsopano, chifukwa atelala ankayenda kuseri kwa nyumba m'mawa uliwonse. A Misomali anachisisita ndi chala, n'kuwaveka nsapatoyo bwinobwino.

"Idzafunika chidendene ukadzayamba kuyenda," anatero. "Udzabwere nayo, sindidzakulipiritsa."

Chitseko chitangotsekeka, atelala anaimirira n'kukankha chikuku mpaka chinakagunda khoma.

"Aliyense ndi thupi lake! Mawu amenewo atuluka pakamwa pako, mkazi wanga?"

"Nanga inu munatani? Pakamwa muli napo. Munangolira ngati mbuzi."

"Ndinauzidwa kuti lilime langa limasuka sabata yamawa!"

"Musandinamizire ine," anatero mtsikanayo. "Sindinauze munthu kuti asiye mapiritsi. Ine ndimatsatsa basi. Wailesi ikatsatsa mowa, woledzera akagwa m'ngalande, amamanga wailesi?"

"Wailesi sinadyepo m'mbale imodzi ndi munthu," anatero bambo ake. "Akazi a Misomali aja anakunyamula kumbuyo iwe uli ndi chikuku cha m'thupi, amako ali kumsika. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe."

"Chinationa kale, abambo, ndipo palibe anatithandiza. Mukaulula lero, mkulu uja afuna zake zonse zimene tadya. Anthu a pafoni atinyoza mpaka kumanda. Ine tsamba langa lifa, ndipo saluni ngakhale imodzi sidzandipatsanso ntchito. Inu khonde lanu latengedwa. Tidzadya ulemu? Kwatsala pang'ono. Loweruka likadutsa, mupite mukawauze mwakachetechete kuti abwerere kuchipatala."

"Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu," anatero atelala, n'kulowa kuchipinda.

Mayi anaganiza zopita okha. M'mawa mwake anamanga chitenje, kunena kuti akukagula sopo, n'kulunjika kugolosale. Njira yonse ankakonza mawu: alamu, musasiye mapiritsi, zina ndidzakuuzani. Atafika anapeza a Misomali atazunguliridwa ndi anthu, akuonetsa vidiyo ya dzanja lija pafoni ya wina.

"Si awa akazi ake! Funsani okha. Alamu, auzeni anthuwa, akuti ndi zabodza."

Maso onse anatembenukira kwa mayi. Panali mwini golosale, amene anali atayambiranso kuwapatsa moni. Panali amayi awiri a kutchalitchi. Kamnyamata kosoka kaja kanaimitsa makina kuti kamve.

"Akupezako bwino," anatero mayi.

"Mwamva? Ine njinga ndagulitsa, ndatenga mabotolo a mwezi wonse. Ya chiyani njinga ngati mayi adzayenda okha? Mwabwera ndi chiyani, alamu?"

Mayi anavula patapata wawo n'kunena kuti lamba wake akuvuta. Lambayo analibe vuto. A Misomali anamukhomabe kamsomali, ndipo anakana ndalama.

Loweruka lomaliza linafika ndi dzuwa loswa mtengo. Mkulu wa mabotolo anabwera atavala jekete yoyera ngati dokotala, n'kuyala tebulo pabwalo la nyumbayo, mabotolo atandandalikidwa ngati asilikali. Anabweretsa ndi sipika. Anthu anadzaza mpaka kumsewu, ena atakwera pampanda. Mtsikanayo anali atadzola bwino, foni ili pa kamtengo kake, ndipo anabwereza dongosolo m'khutu mwa makolo ake. Abambo amwa supuni yomaliza. Ayesa kudzuka, agwa. Ayesanso, agwa. Kachitatu aimirira, amayi akuwa.

Anatulutsa atelala pa chikuku, bulangete lili pamiyendo. Mayi anaima pambali ndi botolo la tiyi wawo. Mkuluyo anali mkati mofotokoza za mizu yochokera kumapiri akutali pamene anthu anayamba kupatuka kumbuyo. Kunkamveka kulira kwa tayala lopanda mafuta.

Anali a Misomali, thukuta lili chuchuchu, akukankha wilibala. M'wilibalamo, pa katoni yoyala ndi pilo, munali akazi awo. Mayi anawazindikira ndi mpango wokha. Munthu uja ankaseka mpaka msika wonse kutembenuka anali atatha ngati nkhuni. Mlomo unali utakokekera kukhutu, malovu akutsikira pakhosi, diso limodzi lotseka.

"Tipatseni njira, ndife achibale!" ankatero a Misomali. Anaimika wilibala kutsogolo kwenikweni. "Singano, ndabwera nawo adzaone ndi maso awo, alimbe mtima. Anagwanso kachiwiri Lachitatu, kulankhula kwasiya. Koma adokotala awa akuti ndi mmene amayambira kugwira ntchito, matenda amatuluka kaye. Nawenso unayamba choncho eti?"

"Amalume, khalani cha uko pang'ono, mukutchinga kamera," ananong'ona mtsikanayo.

Mayi anathira tiyi mu supuni. Theka linatayikira pabulangete. Anaifikitsa pakamwa pa amuna awo, koma pakamwapo sipanatseguke. Atelala anawongola mlomo wawo. Anachotsa bulangete, kulipinda kanayi monga amapindira nsalu ya kasitomala, n'kuimirira kamodzi, osagwira kanthu.

Bwalo linaphulika. Azimayi anakuwa, anyamata anaimba malikhweru, mkulu wa mabotolo analumpha ndi sipika yake. "Mwaona! Mwaona ndi maso anu! Sanadikire n'komwe supuni yomaliza!"

Atelala anayenda mpaka pa wilibala. Anawerama, kulowetsa manja onse awiri pansi pa mayi wodwalayo, kumunyamula, n'kukamukhazika pa chikuku. Phokoso linawirikiza. Ananena kanthu, koma sipika inameza mawu awo. Ndiye analanda botolo m'manja mwa akazi awo n'kulipereka kwa mnzawo.

"Lawa."

"Ine sindikudwala, Singano. Taona iwe, waimirira! Mayi, mwamuona?"

"Ndati lawa."

A Misomali anamwa pang'ono akusekabe. Anagwedeza madziwo m'kamwa. Kuseka kunachoka pang'onopang'ono. Ananunkhiza botololo, n'kumwanso.

"Uyu ndi tiyi."

"Wopanda shuga. Ndinachira kalekale, ndi mapiritsi ndi mafizo. Tsiku unabwera lija ndinali ndi nthochi m'thumba, ndinasenda ndekha. Za mkuluyu sindinalawepo ngakhale dontho."

Amene anamva anali a kutsogolo okha, ndipo ena mwa iwo ankaganiza kuti ndi nthabwala za anthu okondwa. Kumbuyo anthu anali atayamba kale kukankhana pa tebulo, ndalama zili m'mwamba. Mtsikanayo anali atatembenuzira foni kwa ogulawo, akufuula kuti atchule dzina lake, koma mawu ake ankatuluka opyapyala, ndipo sankayang'ana kumene kunali wilibala.

"Amaphika ndani?" anafunsa a Misomali.

Iwo anayang'ana supuni imene inali m'manja mwa mayi.

Sanatukwane. Anaika botolo pansi mosamala. Anapita pa chikuku, kunyamula akazi awo, n'kuwabwezera m'wilibala, kukonza pilo, kuwapukuta malovu ndi chipewa chawo.

"Tenga chikukucho, mnzanga," anatero atelala. "Ndi chabwino, matayala ake ndi atsopano. Chonde tenga."

"Chisunge. Mwina mwezi wamawa udwalanso."

Ananyamula zogwirira n'kutembenuza wilibala. Anthu anapatuka osayang'ana n'komwe, maso ali pa mabotolo. Atelala anatsala ataima pakati pa bwalo, anthu osawadziwa akuwagwira manja ndi kujambulitsa nawo.

Mayi anataya supuni n'kuthamanga. Anawapeza pamsewu, pamene tayala linali litatitimira mumchenga.

"Alamu, pitani nawo kuchipatala lero lomwe. Musadikire Lolemba. Ndikupezerani galimoto, ndilipira ine."

"Ndi ndalama ziti, alamu?"

A Misomali anapalasa mchenga wa patayala ndi phazi.

"Ndinakhala pampando panu," anatero a Misomali osawayang'ana. "Ndinakufunsani. Munabwera pakhonde, ndinakukhomerani patapata. Chidendene cha Singano ndinachiona chodyeka, ndinadziuza kuti ndi dothi lakale. Madzi akatayika saoleka. Kuchipatala ndikupita, njira ndikuidziwa."

Anakankha mwamphamvu, tayala linatuluka. Mayi anatambasula dzanja kuti agwire chogwirira chimodzi, koma a Misomali anasuntha chigongono n'kuwatchinga. Ndiye anangotsatira pambuyo, osathandiza, osabwerera. Kunyumba kwawo sipika inkalengeza kuti mabotolo atsala ochepa.

M'wilibalamo wodwalayo anali atakhala chotsamira, nkhope italoza kumbuyo. Diso lake lotseguka linali pa mayi, ndipo msewu wonse wopita kuchipatala silinayang'ane kwina.